Makina a Carlota

Kachewere wa chaka chino atakwera lole ya ku Tete, Carlota anamanga ndalama zake pakansalu n'kuuza aliyense wofuna kumva kuti tsopano akugula makina. Mawu amenewa muwasunge. Amayi ake, amene anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, chinthucho ankachitchula kuti kamera. Koma Carlota anabadwira ku Tsangano konkuno, sukulu anaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo kwa iye ndi anzake onse chojambulira zithunzi ndi makina basi.

Matenda ojambulawa anamugwira chaka chatha pa ukwati wa msuweni wake. Wojambula amene anamuitana kuchokera ku Ulónguè sanatulukire, mkwatibwi anayamba kulira, Carlota n'kutulutsa foni yake yosweka galasi n'kujambula mwambo wonse. Zithunzizo zinatuluka za mbuu, koma mpaka lero anthu amabwerabe kudzazipempha.

Pa ukwati womwewo ndi pamene anadziwana ndi Quintino, mnyamata wa ku Furancungo, ku Macanga, amene anabwera ndi akuchimuna. Iyeyu anamugwirira ambulera kuti dzuwa lisamuthobwe m'maso pojambula. Dzuwa linalowa m'mitambo, ambulera osapindidwa. Carlota anaona, ndipo kuyambira tsikulo foni yosweka ija inapeza ntchito yachiwiri.

Chikondi chinalipo chokwanira, chimene chinkasowa ndi chilolezo. Quintino anali mwana mmodzi yekha wa mayi Genoveva, mayi wamasiye wosasinthasintha mawu. Iwowa ankanena poyera kuti ana a anthu amene anathawira ku Malawi anabwerako ndi pakamwa, manja anawasiya komweko. Chonsecho mayiwa anali asanamuonepo Carlota n'komwe. Ndipo a Jaime, malume ake a Quintino, sakanatha kupita ku Tsangano kukafunsira mbeta mlongo wawo asanagwedeze mutu.

* * *

Lachitatu masana foni inalira Carlota akusankha nyemba pakhonde. Anali Quintino, ndipo mawu ake ankamveka ngati a munthu wothamanga.

"Ndalankhula ndi mano Virgílio, mchimwene wa loja ya mafotokopya uja. Wabwera ndi makina atatu kuchokera ku Tete, ogwirapo kale ntchito koma amoyo. Ubwere Sabudu, Loweruka likubwerali, udzasankhe wekha."

"Ku Furancungo? Kumene kuli amayi ako?"

"N'chifukwa chake ndakuimbira. Ali pompano. Akufuna kukulankhula."

Carlota anaimirira osadziwa, nyemba n'kumwazika. Munthu amaimirira bwanji polankhula pafoni, ngati winayo akumuona? Koma anaimirira, n'kukonzanso chitenje.

"Ndi Carlota?" Mawuwo anali otsika, osathamanga.

"Ndine, amayi. Mwaswera bwanji?"

"Taswera, kaya iwe mwana wanga."

Mwana wanga. Carlota anachotsa foni kukhutu n'kuiyang'ana, kuopa kuti mwina yalumikiza munthu wina.

"Quintino wandiuza za makina," anapitiriza mayi Genoveva. "Akuti ndalama zake walima wekha?"

"Eya amayi, kachewere."

"Ndiye ndinakulakwira. Mtsikana woganiza za makina si waulesi. Unaphunzira kwa ndani?"

"Ndinangoyamba ndekha, amayi. Zina ndimaonera pafoni."

"Wekha? Ndiye kuti dzanja uli nalo. Ntchito imeneyi imafuna maso ndi kudekha. Ukapupuluma, munthu umamutulutsa wopindika."

"Zoona amayi," Carlota anaseka, mantha atayamba kusungunuka. "Ine tsiku loyamba mkwatibwi anatuluka phewa limodzi lili m'mwamba."

"Wayamba kale ndi akwatibwi? Iwe ndiwe wolimba mtima. Kuno fodya akagulidwa maukwati amachuluka, koma wa makina wodalirika palibe. Azimayi a kutchalitchi kwathu azichita kukhala pamzere. Ukabwera Sabudu ufike kunyumba, ndili nawe mawu."

Foni itaduka, Carlota anavina yekha pakhonde, nkhuku zikudya nyemba zake. Amayi ake anatuluka m'nyumba atamva zonse, poti makoma a kwathu kuno sasunga chinsinsi.

"Munthu amene dzulo amakutcha waulesi, lero akukutcha mwana wake chifukwa cha kamera?" anafunsa akuthamangitsa nkhuku. "Iwe, unafunsa bwinobwino?"

"Ndifunse chiyani, amayi? Mwamva nokha. Akuti azimayi azikhala pamzere."

"Ndamva. Koma safunsa anadya phula."

Carlota anangoseka. Munthu akakondwa, malangizo amamveka ngati nsanje.

* * *

Anagona kwa azakhali ake ku Ulónguè, m'mawa mwake n'kukwera chapa, minibasi ya ku Furancungo. Potsika anali wofiira ndi fumbi mpaka m'nsidze. Quintino anali akudikira pansi pa mtengo, atavala malaya oyera amene Carlota ankawadziwa kuti ndi a kutchalitchi.

"Wanenepa," anatero Quintino.

"Ndi fumbi. Ukandikuntha ndibwerera mwakale."

Loja ya Virgílio, sitolo yakeyo, inali kachipinda kopapatiza kuseri kwa msika, konunkha mapepala otentha. Mwini wake, bambo wamimba yake ndi kumwetulira kwa wamalonda, anayala nsalu patebulo n'kuikapo makina atatu aja. Kumbuyo kwake, pa mafotokopya, kunaima mtsikana wowala khungu, tsitsi lomangidwa bwino. Carlota sanafunikire kuuzidwa. Ameneyu anali Fernanda, mlongo wake wa Virgílio, amene mayi Genoveva anakhala akumusungira mwana wawo kuyambira kalekale.

"Ndiye ndinu a ku Tsangano aja," anatero Fernanda, akumuyeza ndi maso kuyambira kumapazi. "Ine ndimayesa ndinu wamtali."

"Kwathu kumazizira, mana, achemwali anga. Timakulira pansi ngati kachewere."

Virgílio anaseka mpaka kutsokomola. Fernanda sanaseke.

Makina oyamba anali akuda, aakulu, okhala ndi diso lochita kuchotsa n'kuikapo lina. Quintino anawakoleka m'khosi nthawi yomweyo n'kuyamba kuyendayenda mulojamo ngati mtolankhani.

"Tenga awa, Carlota. Ukangofika nawo pa ukwati, anthu akupatsa mpando."

Carlota anawanyamula. Anali olemera bwino, ndipo mtima wake unawafuna, bodza n'loipa. Koma Virgílio atatchula mtengo, anawabwezera patebulo pang'onopang'ono ngati dzira.

"Ndiye kuti ndigulitse ndi munda womwe. Nanga bateriya yake ikafa?"

"Imeneyo ndi ya ku Tete," anavomera Virgílio. "Mwinanso ku Beira."

"Ndiye awa ndi a munthu wokhala ku Tete."

Fernanda anasendeza makina achiwiri ndi chala chimodzi. Anali ang'onoang'ono, apinki, olowa m'thumba la malaya.

"Tengani awa, ndi a atsikana. Mamegapikiseli ake ndi ambiri kuposa onsewa. Zalembedwa apa, ngati mumawerenga."

"Ndimawerenga pang'ono," anayankha Carlota mofatsa. "Koma ndiyese kaye."

Analoza makinawo pangodya ya mdima pamene panali mulu wa mapepala, n'kukanikiza. Chithunzi chinatuluka ngati achithira mchenga. Matchalitchi a kwawo mawindo ake ndi ang'ono, ndipo ukwati sudikira dzuwa. Anatulukira pakhomo n'kuloza tambala amene ankadutsa. Makinawo anaganiza, n'kuganizanso, pomwe amajambula tambala anali atapita, pachithunzi pangotsala mchira.

"Mkwati akamaveka mphete sindingamuuze kuti abwereze," anatero, n'kuwabweza.

Otsalawo palibe amene anawayamikira. Anali apakatikati, okalika pangodya, mphira wake wogwirira utayamba kusupuka. Carlota anawatembenuza, n'kuyang'ana diso lake moloza kuwala kuti aone ngati muli nkhungu kapena fumbi. Munali moyera. Anatsegula kachitseko ka pansi n'kupeza kuti amadya mapilya, mabatire wamba omwe amapezeka pa banka iliyonse, ngakhale kaokala ka m'mudzi, ndipo m'katimo munalibe dzimbiri.

"Ndikupatsani mapilya otchaja ndi karegadoro yake yotchajira," anatero Virgílio, ataona kumene mtima wa wogula ukulowera. "Kwanu muli ndi sola?"

"Kasola kakang'ono kalipo, ndi kabokosi kake kosinthira moto."

"Basi, mwathana nazo. Koma imvani, mana. Batani ili simukanikiza kamodzi ayi. Mumayamba pang'ono, theka lokha, makina aone kaye munthuyo bwinobwino. Akamuona, nkhope ikayera, ndiye mumamaliza. Ambiri amangoti fwaa, kenako n'kumati makina ndi oipa."

Carlota anaika diso pa kawindo koonera. Kutsidya kwa msewu mayi wina ankagulitsa tomato. Anakoka chithunzi, mayi uja n'kubwera pafupi mpaka kuoneka ulusi wa mpango wake. Anakanikiza theka. Nkhope inayera. Mayiyo anaseka ndi mnzake, Carlota n'kumaliza. Atayang'ana chimene chatuluka, anabisa kumwetulira kwake, chifukwa chimwemwe china sichifuna mboni.

"Ndi amenewa," anatero.

"Okalikawa?" Quintino anadandaula. "Anthu adzati chiyani?"

"Anthu adzayang'ana zithunzi. Iwenso ndinakutenga ndi chipsera chako cha pachibwanocho."

Anatsutsana mtengo monga mwa mwambo, Virgílio akulumbira kuti akudzipha, Carlota akulumbira kuti abwerera wapansi. Pomaliza kansalu kaja kanamasulidwa, n'kutsala kopepuka. Virgílio anawonjezapo kakhadi kosungira zithunzi ndi lamba wa m'khosi.

"Chimodzi chokha, mana. Kuno katundu akatuluka pakhomo sabwerera."

"Sadzabwerera."

Fernanda ndi amene anakulunga zonse m'pepala. Akumanga, anafunsa osadzutsa mutu.

"Amayi Genoveva awaona makinawa?"

"Akuwadikira. Asangalala kwambiri."

"Eya, anatiuza kutchalitchi kuti mtengwa wawo ndi wa makina." Fernanda anayang'ana Quintino n'kumwetulira koyamba tsikulo. Quintino anali atapeza chinthu chochititsa chidwi kudenga.

* * *

Panjira yopita kunyumba Carlota anamasula pepala lija, n'kukoleka makina m'khosi. Ankafuna kujambula chilichonse: njinga yonyamula mabelo a fodya, mbuzi itakwera pachulu, mthunzi wa iwo awiri pamsewu.

"Ima apo, ndikujambule."

Quintino anaima, manja m'thumba, koma kumwetulira kwake kunali kwa munthu wodwala dzino.

"Watani? Kapena ndi Fernanda wakusokoneza? Ndaona mmene amakuyang'anira."

"Fernanda ndi kale lomwe ndinamuuza kuti ndili ndi wanga. Usayambe."

"Nanga?"

"Palibe. Koma tikafika, makinawo uwaike kaye m'chikwama. Tidye, ticheze, amayi akuzolowere. Kenako tiwaonetsa bwinobwino."

"Koma ndi iwo amene akuwafuna."

"Ndikudziwa. Ungochita zimenezo chifukwa cha ine."

Carlota anaganiza kuti mwina kwa eni ake kuno mlendo safika atakoleka katundu m'khosi ngati wodzionetsera. Mudzi uliwonse uli ndi malamulo ake. Anaika makina m'chikwama n'kutseka zipi.

* * *

Pakhomo pa mayi Genoveva panali posesedwa mpaka kuoneka mizere ya tsache. Pamkeka pansi pa mtengo wa mango panakhala azimayi awiri a kutchalitchi, ndipo pampando panali bambo wa imvi atagwira chipewa pabondo. Quintino ananong'oneza kuti amenewo ndi malume, a Jaime. Malume saitanidwa kudzangomwa tiyi.

Anagwada n'kupereka moni kwa aliyense. Mayi Genoveva anali ochepa thupi kusiyana ndi mawu awo, maso awo otuwa pang'ono ngati a munthu amene ng'ala yayamba kumuyendera. Anamugwira Carlota manja onse awiri, n'kuwatembenuza, n'kusisita zikhatho.

"Manja a khasu," anauza anzawo aja. "Ndinakuuzani."

Nkhuku inali itaphedwa. Anadya, anacheza za mvula ya chaka chatha ndi za msewu woipa, ndipo Carlota anayamba kumva ngati munthu amene wafika. Mbale zitachotsedwa, mayi Genoveva anatuma Quintino m'nyumba.

"Katenge chili pa tebulo la kuchipinda kwanga. Unyamule bwino."

Quintino anatuluka atanyamula chinthu cholemera chokutidwa ndi chitenje cha kapulana, nkhope yake itagwa. Anachiika pamkeka pakati pa anthu. Mayi Genoveva anavundukula okha.

Anali makina osokera, akuda, opukusa ndi dzanja, maluwa ake agolide atafufutika m'mbali. Ankanyezimira mafuta atsopano.

"Awa anandigulira ndi bambo ake a Quintino, tisanaone mwana," anayamba mayiwo, dzanja lili pa chogudumuza. "Nkhondo itafika kuno, ife sitinawoloke malire. Tinathawira kuphiri. Makinawa ndinawapaka mafuta, n'kuwakulunga m'chiguduli, n'kuwakwirira pansi pa khitchini. Pobwera nyumba tinapeza phulusa, koma nditakumba ndinawapeza ali gone, akundidikira. Bambo ake atatisiya, amene analera mnyamatayu ndi makina amenewa. Tsopano maso anga akukana. Ulusi ndimaulowetsa pa singano mongopenekera."

Anatembenukira kwa Carlota.

"Ndamva kuti ndalama zako n'zochepa, ukufunafuna ogwirapo kale ntchito. Usataye ndalama, mwana wanga. Tenga awa. Ndinkati ndidzapatsa mwana wamkazi, Mulungu sanandipatse. Lero wandipatsa."

Azimayi aja analulutira pang'ono. A Jaime anagwedeza mutu, n'kunena kuti ngati zili choncho, iwo Sabudu likudzali akwera chapa ya ku Tsangano.

Kwa Carlota, mawu onse a pafoni aja anabwerera limodzilimodzi, aliwonse atavala malaya ena: dzanja, maso, munthu wopindika, azimayi pamzere. Anamva chisoni chachikulu, chifukwa chiyambire palibe munthu anamupatsapo chinthu cha mtengo wotere, ndipo chinali chisanakhale chake n'komwe. Anayang'ana Quintino. Quintino ankayang'ana nyerere pansi. Apo ndi pamene anadziwa kuti mnyamatayo ankadziwa.

"Amayi," anayamba Carlota. "Ndithokoze kaye, koma pali chimene..."

"Odi kuno! Com licença."

Anali Fernanda, atavala nsapato zoyera, kanthu kakuda kali m'manja. Anagwada mwaulemu wonse, moni kwa akulu, kenako n'kutambasula dzanja kwa Carlota.

"Mwaiwala karegadoro ya makina anu, mana. Ndinati ndithamange nayo, poti popanda iyi mapilya akatha simujambulanso."

Amene anakulunga katundu uja tonse tikumudziwa. Koma nthawi yofunsa zimenezo panalibe.

"Kujambula?" anafunsa mayi Genoveva.

Carlota akanatha kunena kuti ndi za foni, kapena za mchimwene wake. Fernanda ankadikira bodza lomwelo kuti alivule pamaso pa anthu. Carlota anatsegula zipi, n'kutulutsa makina ake okalika pangodya, n'kuwaika pamkeka pafupi ndi osokera aja. Pambali pa anzawo ankaoneka ngati kamwana.

"Makina amene ndimanena ndi awa, amayi. Ojambulira zithunzi. Ndagula m'mawa uno. Kusoka sindidziwa, ndingakunamizeni. Mkwatibwi wa phewa lokwera uja anali wa pachithunzi."

Mmodzi wa azimayi aja anayamba kuseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Mayi Genoveva anatenga makina a Carlota, n'kuwabweretsa pafupi ndi maso, n'kuwatembenuza uku ndi uku monga anachitira ndi manja aja. Anawabweza pamkeka mosamala.

"Mlongo," anatero a Jaime mofatsa, "apa palibe wanama. Mawu ndi amene atipusitsa. Makina, makina."

"Mawu sanama, achimwene. Amanama ndi munthu amene wamva kuti mnzake wasokera, iye n'kukhala chete." Sanakweze mawu. "Quintino, unkadziwa?"

"Ndinkafuna ndikuuzeni, amayi. Koma munasangalala. Chiyambire kukutchulirani dzina la Carlota, kanali koyamba kuti mumwetulire. Ndinati mumuone kaye, mumukonde, zinazo zibwera pambuyo."

"Ndiye unandisiya ndilalike tchalitchi chonse."

Fernanda anatsanzika mwaulemu womwe uja, ntchito yake itatha, koma palibe amene anamuperekeza ngakhale ndi maso.

Mayi Genoveva anatembenukira kwa Carlota, ndipo mawu oyamba omwe anatuluka anamupweteka kuposa ena onse, chifukwa "iwe" uja anali atachoka.

"Inu simunandinamize, ndaona. Mwalankhula zoona pamene bodza linali pafupi. Koma wojambula ndimamudziwa. Amayenda m'maukwati ndi m'maphwando, pakati pa amuna oledzera, kubwera kunyumba anthu atadya kale. Wosoka amakhala pakhonde pake, anthu ndi amene amamupeza. Ine mwana ndili naye mmodzi."

"Amayi, ndimajambula masana, anthu akuona. Ndi ntchito ngati ina iliyonse. Ndipo ndimaikonda."

"Sindikukana kuti mumaikonda."

Anakutanso makina osokera ndi kapulana, n'kumanga mfundo pamwamba. Carlota anayesa kuti akuwabweza kuchipinda. Koma mayiwo anawakankhira kwa iye.

"Ndapereka pamaso pa anthu, ndipo kwathu kuno mphatso sibwerera m'nyumba. Makinawa ndi anu. Mukapita nawo ku Tsangano, ndidziwa kuti mwavomera kuphunzira, enawo mugulitsa, ndipo achimwene abwera Sabudu monga anenera. Mukawasiya, musawasiye pano. Mukawasiye m'manja mwa Quintino, abwere nawo yekha, ndidziwe kuti mwabweza zonse ziwiri, makina ndi ukwati womwe."

"Mlongo, mwanayu mwamuika pakona," anatero a Jaime.

"Amene wamuika pakona ndi mnyamata wanuyu. Quintino, nyamula. Uwaperekeze alendo, chapa ingawasiye."

* * *

Anayenda mpaka kudutsa chigayo. Quintino anali atasenza makina osokera paphewa, thukuta likudontha pa malaya a kutchalitchi aja. Carlota anali atakolekanso ake m'khosi, poti chobisa chinali chitatha.

"Carlota."

"Ndikumva."

"Ungowatenga. Ukawaike m'nyumba, malume abwere, ukwati uchitike. Ojambulirawo ukasunga kwa amayi ako. Pakapita nthawi amayi adzafewa."

"Ndiye ukufuna tiwanamizenso. Koyamba unanama wekha, tsopano tinamire limodzi."

"Si kunama. Ndi kudikira."

"Mapanga awiri avumbwitsa, Quintino. Amayi ako anakwirira makina awo pansi chifukwa kunali nkhondo. Ine anga ndikawakwirire chifukwa cha ukwati?"

"Ndiye ukundibweza?"

Carlota anangopitiriza kuyenda. Ankamukonda mnyamatayu, wamantha ake omwewo, ndipo zimenezo zinkamukwiyitsa kwambiri. Ankawakondanso mayi aja, amene anawadziwa kwa masana amodzi okha, ndi manja awo osisita zikhatho. Akanakhala mayi wankhanza zikanaphweka. Ndipo chinthu chokalika chimene chinkagunda pachifuwa pake poyenda chinali munda wake wonse wa chaka chino, ndi chinthu choyamba chimene anadzisankhira yekha.

Pa siteji chapa ya ku Ulónguè inali itadzaza, injini ikulira. Kobradoro, kondakitala wake, anali padenga akumanga matumba a chimanga. Ataona Carlota analoza mpando wotsala pafupi ndi khomo, kenako analoza katundu wa paphewa pa Quintino.

"Mana, awo akukwera kapena akutsala?"

Quintino sanawatsitse pansi, sanawaperekenso m'mwamba. Anangoima, khosi litapendekeka ndi kulemera, akumuyang'ana. Mfundo ya kapulana inali itamasuka, chogudumuza chikuonekera.

Misozi inali pafupi, ndipo Carlota sanafune kuti anthu a m'chapa aione. Anakweza makina ake n'kubisa diso pa kawindo kaja. Poyamba zonse zinali mbuu. Anakanikiza batani theka lokha, monga Virgílio anamuphunzitsira m'mawa, ndipo nkhope ya Quintino inayera: chipsera cha pachibwano, thukuta, maso opempha, ndi makina a amayi ake paphewa.

"Mana, tikuchedwa," anatero kobradoro, chingwe chili m'manja. "Akukwera kapena akutsala?"

Chala cha Carlota chinali pomwepo, pa theka, osamaliza, osachoka.